Khomo la Alendo

Athens, 4 Malichi 2024

Achemwali anga a Fotini,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi mwana wanu Nurten. Ndine Kaliopi, mng'ono wanu, ngati dzanja langali mwaliiwala. Kuno tilipo. Stelios wanga akadali pa ntchito yake ya kudoko, ndipo ine ndikukhala ndekha chimwalirireni bambo ake.

Ndikudziwa kuti patha zaka khumi ndi chimodzi tisakulankhulana, chichokereni inu pamaliro a amayi. Sindikulemba kuti tifukule zimenezo. Ndikulemba chifukwa ndikubwera kumeneko ku Istanbul. Amayi a kutchalitchi kwathu akonza ulendo wa masiku anayi mwezi wa Meyi, ndipo dzina ndalembetsa kale. Tidzagona ku hotela, choncho za bedi ndi mphika musade nazo nkhawa.

Chimene ndikufuna n'chimodzi, kulowa mu Agia Sofia, tchalitchi chathu chachikulu chakalekale chija. Ndinabadwira mumzinda umenewo, ndinakhalamo zaka khumi ndi zinayi, koma m'menemo sindinapondemo. Mukuwakumbukira bambo tikamadutsa pamenepo? Nthawi imeneyo inali nyumba yoonetseramo zinthu zakale. Ankavula chipewa, n'kunena kuti iwo sangagule tikiti yolowera m'tchalitchi ngati akukaonera kanema. Ndiye tinkangodutsa. Chaka chija cha 1964, boma litalamula kuti a ziphaso za Greece tichoke, inu n'kutsala ndi amuna anu a Nedim, denga la Agia Sofia ndinaliona komaliza ndili pawindo la sitima, sutikesi ili pamiyendo. Ndafika zaka 74 tsopano. Ndadikira mokwanira.

Ndikukupemphani mudzandiperekeze. Mundiuzenso za kumeneko. Maondo ali bwanji? Nanga ophika buledi aja a pakona ku Kurtuluş alipobe?

Ndine mng'ono wanu,
Kaliopi


Athens, 8 Epulo 2024

Achemwali,

Moni wa kuno. Masabata asanu atha, kuli zii. Ndinayesa nambala yanu yakale ija, akuti kulibe nambala yotero. Mwina kalata inasochera, mwina munaiwerenga n'kukolezera moto. Ngati ndi choncho nayi ina, mukolezerenso. Mapepala ndili nawo ambiri.

Stelios akuti ndisapite, ndakalamba, kumeneko kuli chipwirikiti cha anthu ndi magalimoto. Ndamuuza kuti misewu imeneyo ndinaiyenda iye asanaganiziridwe n'komwe. Ndagula nsapato zopanda chidendene ndi mpango wa kumutu, poti akuti masiku ano mkazi salowamo mutu uli pamtunda. Ndimayenda m'mawa uliwonse kuzungulira bwalo la pafupi ndi kwathu kuno kasanu, kuti miyendo izolowere.

Muyankhe kapena musayankhe, ine ndikubwera. Koma ndikadakonda mutayankha.

Kaliopi


Istanbul, 22 Epulo 2024

Kaliopi,

Makalata ako onse awiri ndawalandira tsiku limodzi. Anali kwa wogulitsa zipatso pansipa, pakati pa malalanje, chifukwa wobweretsa makalata sadziwa Fotini aliyense panyumba ino. Kuno ndine Fatma zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo iwe ukudziwa bwino lomwe. Nanga zilembo zikuluzikuluzi ngati za pachikwangwani, ukundikalipira, kapena ukuyesa ndine wakhungu? Makutu ndiwo anatha, n'chifukwa chake lamya ndinaichotsa. Maso ndili nawo.

Tili bwino. Kusala kwa Ramadani tamaliza popanda chovuta. Maondo ndi a munthu wa zaka 80, usafunse zambiri. Ophika buledi aja anatseka kalekale, pamenepo akugulitsapo mafoni.

Tsono za pempho lako. Mumzinda muno muli malo osawerengeka oti mlendo aone, iwe wasankha amenewo. Ukuyesa ndinaiwala? Pamaliro a amayi, nditayenda tsiku lathunthu pa basi, ndili chilili ndi mpango wanga kumutu, unandiloza pamaso pa anthu n'kunena kuti, "Awa ndiye Agia Sofia wa m'banja mwathu, anamangidwa tchalitchi n'kusanduka mzikiti." Anthu anaseka. Ndinabwerera osalawa ngakhale khofi wa pamaliro a mayi anga ondibereka. Lero ukufuna ukandiimike m'kati mwenimwenimo, pamaso pa anzako a kutchalitchi, kuti nthabwala ija ikome bwino?

Komanso ungodziwa, masiku ano alendo salowa pansi. Pansi ndi pa ife opemphera. Inu a makamera muli ndi khomo lanu kumbali, mumakwera njira yamiyala mpaka pakhonde la m'mwamba n'kumasuzumira kuchokera kumeneko. Ngakhale ndikadafuna, khomo lako ndi langa si limodzi. Pita ndi alendo anzako. Kunyumba kuno usabwere, Nurten amagwira ntchito ndipo ine ndilibe mphamvu zophikira mlendo.

Fatma


Athens, 6 Meyi 2024

Achemwali,

Zikomo poyankha, ngakhale yankho lake ndi la tsabola. Dzulo tadya Pasaka, Stelios anabwera ndi nyama ya nkhosa. Pa envelopu ndalemba Fatma, mwaona. M'kati muno ndilekeni ndikutchuleni dzina limene ndinakudziwirani.

Mawu aja ndinanenadi, sindikana. Anali oipa. Amayi ndinawasamala ndekha zaka zisanu ndi ziwiri, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa ndi supuni. Koma sabata yawo yomaliza dzina limene ankaitana linali lanu lokha. Mutalowa pakhomo paja, mkwiyo wonsewo unagwera inu. Malowo sindinawasankhe kuti ndikunyozeni. Chifukwa chake chilipo, koma si cha papepala.

Lachiwiri pa 21 Meyi, 10 koloko m'mawa, ndidzakhala pa khomo la alendolo. Ndidzavala chikhoto chofiira. Mukadzandiona mudzandigwire mkono, musadzadikire kuti ndiyambe ine.

Kaliopi


Istanbul, 22 Meyi 2024

Kaliopi,

Ndinabwera. Ndikufuna udziwe zimenezo, kuti usadzauze anthu kuti mkulu wako anakukana.

Nurten anapempha tsiku ku ntchito, tinatenga takisi. Pa khomo la alendo panali mzere wautali. Chikhoto chofiira ndinachiona ndili patali, koma unali pakati pa amayi makumi awiri, aliyense mtanda pakhosi, akulankhula onse pamodzi ngati nkhanga. Sindinafike pamenepo. Ndinauza Nurten kuti tilowere khomo lathu, ndikakupatse moni m'kati, pamalo poti wina sanganditsekere pakamwa ndi nthabwala.

Ndinavula nsapato, n'kukaima pakapeti pamalo oonekera, khosi lili m'mwamba. Ndinadikira pafupifupi ola. Kenako unatulukira pakampanda ka khondelo, wekha, anzako atapitirira. Nkhope yako yasanduka ya amayi, mpaka ndinagwira Nurten paphewa. Ndinakweza dzanja. Ndinaitana kuti, "Popi!" monga ndinkakuitanira uli mwana, mpaka mlonda anabwera kudzandipempha kuti nditsitse mawu. Ndinavula kansalu koyera ka m'khosi n'kumakakupiza ngati munthu wotsanzika sitima, ine nkhalamba, pamaso pa anthu akupemphera. Mayi wina wachilendo amene anaima pambali pako anandimvera chisoni n'kundikwezera dzanja.

Iwe unandiyang'ana ndee, nthawi yoti munthu n'kumwa tiyi kapu yonse. Nkhope osasintha. Kenako unatembenuka n'kumapita.

Nurten akuti mwina sunandizindikire. Pakapeti ponse paja panali nkhalamba imodzi yokha yokupiza nsalu. Wabwezera, mtima wako ukhale pansi. Usalembenso.

Fatma


Athens, 25 Meyi 2024

Achemwali,

Ndafika bwino kuno dzulo. Simunabwere. Ndinadikira pakhomo mpaka wotitsogolera anachita kundikoka. Sindikukudandaulani, munanena kale.

Ndinalowa. N'kokongola monga amanenera. Denga lili ngati lalenjekeka m'malere, mawindo makumi anayi kuzungulira, zithunzi za timiyala tagolide, zipilala zobiriwira. Zonse ndinaziona bwinobwino. Tinadyanso nsomba pafupi ndi mlatho, koma sizikukoma ngati kale.

Mupereke moni kwa Nurten.

Kaliopi


Athens, 11 Juni 2024

Achemwali anga,

Makalata athu anaphonyana panjira. Yanu yafika Loweruka. Ndaiwerenga masiku atatu ndi galasi lokulitsira zilembo, liwu limodzilimodzi, ndipo nditafika pa kansalu koyera ndinakhala pansi m'khitchini osatha kudzuka. Mwati ndisalembenso. Iyi yokha muwerenge.

Sindinakuoneni. Sindikuona, achemwali.

Zinayamba chaka chatha. Pakati pa diso pali banga lakuda ngati wina wadindapo chala, ndipo likukula. Chimene ndachiyang'ana ndicho chimasowa. M'mbalimu ndimaona, n'chifukwa chake ndimayenda osagunda mipando, koma nkhope ya munthu sindinaione chiyambire Khirisimasi. Adokotala akuti la kumanzere linatha, la kumanja mwina lifika chaka chamawa. Akudziwa ndi Stelios yekha. Amayi a kutchalitchi aja sakudziwa. Ulendo wonse ndinagwira lamba wa chikwama cha mnzanga wina, ndikunamizira chizungulire.

Kalata ija ya zagolide ndi bodza lokhalokha. Ndinangobwereza zimene ankanena wotitsogolera. Zimene ndinapeza ine ndi izi: miyala yoterera kuphazi, kuzizira, fungo la fumbi lakale, phokoso la anthu likubwerera kuchokera kutali m'mwamba, ndi kuwala kwachikasu kopanda maonekedwe. Mnyamatayo ankangoti taonani uku, taonani uko, tiyeni tiyeni, basi ikudikira. Zaka makumi asanu ndi limodzi ndikudikira, zonse zinatha ndisanadziwe kumene ndaima.

Pakampanda paja ndinaima chifukwa ndinamva dzina langa laubwana likuchokera pansi. Ndinayang'ana kumene linachokera, panali banga lija basi. Ndinaganiza kuti mutu wayamba kusokonekera, kapena ndi amayi. Ndinachita mantha, n'chifukwa chake ndinatembenuka.

Mudzafunsa kuti bwanji sindinanene poyamba. Sindinafune mubwere chifukwa cha chifundo. Ndinkafuna munthu woti aime pambali panga n'kundiuza zimene zili pakhoma momwe zilili, osakometsera, osandimvera chisoni. Inu chibadwire simunandimverepo chisoni. Palibenso wina amene ndikanamupempha.

Ndibwereranso diso lakumanjali lisanatseke. Ndamuuza kale Stelios, wakalipa, watopa, wasiya. Mukakana ndilemba ganyu munthu wa mumsewu. Koma ndibwerera.

Popi


Istanbul, 1 Julayi 2024

Popi, chitsiru iwe,

Nurten wandigulira cholembera chakuda chonenepa ngati chala, ndiye kalatayi yadya mapepala asanu ndi limodzi. Ukalephera kuwerenga umuuze Stelios akuwerengere, amve nayenso kuti mayi ake ndi munthu wotani. Munthu ukuchita khungu, ukubisira mkulu wako, n'kumusiya akukupiza nsalu mumzikiti ngati wamisala. Uli mwana unabisa dzino lobooka mpaka tsaya linatupa ngati buledi. Sunasinthe.

Za munthu waganyu uiwale. Bwera mu Okutobala, kutentha kutatha, alendo atachepa. Ubwere wekha, nkhanga zija uzisiye. Udzagona kuno, Nurten akuchotsa makatoni m'chipinda chakumapeto.

Nurten anapita kukaiona njira yamiyala yokwerera m'mwambayo. Wabwera akupukusa mutu, akuti ndi yotsetsereka, yokhotakhota, maondo angawa sangafike ngakhale theka. Adokotala nawonso akuti ndisayerekeze. Ndawathokoza onse awiri. Ndayamba kukwera masitepe a nyumba ino m'mawa uliwonse ndikamaliza kupemphera. Sabata yatha ndinafika nsanjika yachiwiri n'kukhala pansi kulira. Lero ndafika yachitatu. Mayi wa pamenepo anatsegula chitseko n'kundifunsa ngati ndasochera. Nyumbayi ili ndi nsanjika zisanu, ndipo miyezi ilipo itatu.

Ine ndakhala mumzinda muno moyo wanga wonse, m'mwambamo sindinakweremo. Usayembekeze kuti ndidzadziwa mayina a anthu a pakhomawo. Ndidzakuuza zimene ndikuona, zikakhala zonyansa ndidzanena kuti n'zonyansa.

Pepani sindinena. Iwenso sunanene bwinobwino, unangoti mawu anali oipa ngati ananena ndi munthu wina. Tidzakambirana ukadzafika, uli pafupi ndi khutu langa lakumanja.

Mkulu wako


Istanbul, 17 Okutobala 2024

Achimwene a Stelios,

Ndine Nurten, mwana wa mayi anu aakulu. Sitinaonanepo, koma zithunzi zanu zili pa tebulo lathu sabata yonseyi. Mukhululuke Chigiriki changa, ndi cha kukhitchini. Amayi aang'ono akuti ndilembe kalata n'kuijambula pafoni kuti ifike lero, chifukwa tikaimba lamya muwatsutsa. Ali bwino, akudya, akulamula aliyense.

Tinapita dzulo. Pogulira matikiti mtsikana wa pawindo ataona chiphaso cha amayi anawauza mwaulemu kuti iwo angathe kulowa pansi mwaulere, palibe chovutikira ndi kukwera. Amayi anati, "Lero ndine mlendo, mwanawe. Dula atatu."

Njira ija anthu amaikwera mphindi zochepa. Ife tinatha mphindi makumi anayi. Ndinanyamula kampando kopinda, koma mkono wanga anaukana onse awiri. Amayi anatsamira paphewa la amayi aang'ono, amayi aang'ono n'kumaponda pamene auzidwa: mwala wotuluka, khota kumanzere, pali dzenje. Magulu atatu a alendo anatipitirira. Pa khota lililonse ndinkatambasula kampando, amayi n'kupuma, kwinaku akukangana za amene anaswa mtsuko wa mafuta mu 1959.

Titatsala pang'ono kufika, amayi anatuwa. Milomo inayera, thukuta lili kamukamu, bondo lakumanzere likunjenjemera moti ndinkaliona pansi pa siketi. Ndinati tibwerere, ndipo ndinanena motsimikiza. Amayi aang'ono anawafufuza nkhope ndi dzanja, n'kumva kuzizira kwake, nawonso anati, "Tiyeni tibwerere, Fotini. Fungo lake ndalimva kawiri tsopano, landikwana." Amayi anapuma movutikira mpaka ndinayamba kufufuza nambala ya ambulansi. Kenako anati, "Ndakwera masitepe miyezi itatu chifukwa cha fungo? Ndidzutse." Anadzuka. Khota lomaliza analiyenda ndi mwendo umodzi, winawo akuukoka.

M'mwamba ndinakhazika amayi pakampando patsogolo pa chithunzi chachikulu cha timiyala, cha Yesu ali pakati pa Mariya ndi Yohane. Amayi anayamba ntchito yawo. Anati theka lapansi linagumuka, patsala pulasitala. Anati golideyo si wowala monga amanamizira, ndi wofiirira ngati uchi wakale, ndipo timiyala take tinayalidwa mokhotakhota. Anati Mariya watsala mutu ndi phewa basi, waweramira mwana wake ngati akufuna kumupempha kanthu koma akuopa. Za Yohane anati tsitsi lake silinaonepo chipeso, ndipo akufanana ndi amalume awo ena amene ankagulitsa makala. Mzungu wina amene amamva Chigiriki anasiya gulu lake n'kuima kumbuyo kwathu kumvetsera.

Atafika pa nkhope ya pakatiyo anasiya nthabwala. Anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Uyu ndiye sindikudziwa ndinene bwanji, Popi. Akuoneka wotopa, koma sanakwiye."

Amayi aang'ono anali akuyesa kuyang'ana molunjika, osaona kanthu, misozi ikungotsika. Amayi anawagwira chibwano n'kuwatembenuzira kwa iwo, akuti poti umaona m'mbali, yang'ana ine, khomalo likhale kumbali. Anaima choncho, maso ali pa khutu la amayi, osaphethira. Patapita kanthawi anati akuona dzanja, lakwezedwa, zala ziwiri zapindika. Kenako anati akuona ndevu, ndi diso limodzi. Amayi anati ndi lomwelo, linalo lili mumthunzi, usadzivute. Anakhala pamenepo mpaka kuitana kwa pemphero la masana kunamveka m'nyumba monse. Amayi anapemphera ali pakampando pomwepo, amayi aang'ono atawagwira chikwama.

Kutsika kunali kovuta kuposa kukwera, koma zimenezo ndidzakuuzani pamaso. Lero bondo la amayi latupa ngati vwende ndipo agonekedwa. Amayi aang'ono atenga khitchini. Akuphika mofufuza, athira kale mchere mu tiyi wanga, ndipo salola kuti ndiwathandize. Zokambirana zawo zija anakambirana m'mawa uno chitseko chili chotseka. Ndinamva kukuwa, kenako zii, kenako anandiitana kuti ndibweretse mabisiketi.

Tsono nkhani imene andituma ndi iyi. Lachiwiri musapite ku bwalo la ndege, amayi anu sakubwera. Alemba mndandanda wa malo pa katoni ya nsapato: manda a agogo awo, sukulu yawo yakale, chilumba chimene ankapitako nthawi yotentha, ndi ena asanu ndi awiri. Akuti apita kumodzi pa sabata bondo likaphwa. Za chilolezo chokhalira ndafufuza, masiku akadalipo okwanira.

Mutumize chikhoto chawo cha nyengo yozizira, nsapato zakuda zili pansi pa bedi, ndi mankhwala a m'maso. Ndinati ndilembe a mwezi umodzi, onse awiri andiyang'ana, wina molunjika, wina cham'mbali. Mutumize a miyezi itatu.

Ndine mlongo wanu,
Nurten